Akati madzi ali "gushing", funsani malita

Mwezi wa August ukangolowa, udzu utauma ndipo zitsime za m'madambo zitayamba kubwerera pansi, pa Facebook ya anthu a kuno kum'mawa pamadzaza mavidiyo a mtundu umodzi. Cigalimoto ca makina obowola pansi caima pa puloti, anyamata ovala zisoti anyowa thupi lonse, madzi oyera ngati thovu la sopo akuuluka kupitirira mtengo wa mango. Pansi pa vidiyo palembedwa mau awiri a Cizungu, water gushing, kenaka dzina la malo ndi nambala ya foni. Munthu amene mkazi wake amadzuka 04:00 koloko kukaima pa mzere wa madzi akaona zimenezi, mtima umadumpha.

Mau akuti gush afika ndi pakamwa pa anthu amene sanakumane nawo m'buku la sukulu. Ndawamva pa Kapata Market, ndawamva m'kabasi kopita ku Chiparamba, ndipo anyamata ena awaveka kale malaya a Cinyanja, ati "manzi yagasha, mudala." Kubwereka mau si mlandu. Cinyanja ca m'tauni cili ndi ngongole zambiri zotere ndipo palibe amene anabwezapo. Candicititsa kulemba n'cakuti mau awa alowa m'nkhani za ndalama. Anthu akutulutsa masauzande a makwacha, ena ndalama za penshoni, ena za fodya ndi soya wa caka conse, atangoona cinthu cimene auzidwa kuti ndi gush.

Mukatsegula dikishonale mudzapeza kuti gush ndi kutuluka kwa madzi, magazi, mafuta kapena cina ciliconse camadzimadzi mwadzidzidzi, mwamphamvu, cambiri pa nthawi imodzi. Mauwa amanena za katulukidwe cabe. Sanena kumene madziwo acokera, sanena cimene cikuwakankha, ndipo sanena kuti adzatuluka mpaka liti. Cigubu cikagwa pa njinga n'kung'ambika, madzi ake amacita gush ndithu, koma pakapita mphindi imodzi pansi pangotsala matope. Amene munapitako ku Nc'wala ku Mtenguleni, Loweruka lomaliza la February, munaona mmene magazi amatulukira ng'ombe ikalasidwa ndi mkondo. Mzungu angati nayonso ndi gush. Tonse tidziwa kuti sicedwa kuleka.

Pa nkhani ya madzi Cinyanja cathu si cosauka. Madzi amadontha, amacuca, amasefukira, amakhuthuka, amatumphuka, ndipo lililonse la mau awa lili ndi nchito yake. Kudontha ndi kwa pompi wotha labala. Kucuca ndi kwa thukuta kapena bala. Kusefukira ndi kwa mtsinje wa Lutembwe mvula ikagwa masiku atatu osakata. Kukhuthuka ndi kwa cinthu cimene cinali m'cotengera, ndiye kuti cili ndi pothera. Kutumphuka ndi kwa kasupe: madzi akucokera pansi okha, palibe wowakankha, ndipo mawa mukabwera ndi mtsuko mudzawapeza. Ku koleji, pa phunziro lomasulira nkhani za pa wailesi, ambiri a ife tikapeza gush tinali kungolemba kuti "kutuluka mwamphamvu". Mau ozizira, koma sanama. Bvuto lilipo lero n'lakuti munthu akaona vidiyo ija, khutu lake limamasulira lokha kuti madzi atumphuka, pamene cimene cikucitika pamenepo cili pafupi ndi kulavula. Makina akulavula madzi. Ambuya anga, amene Cizungu sacidziwa, ndiwo amachula bwino koposa tonse ophunzira: iwo amati madzi anati phwaa. Liu lake limatha msanga ngati madziwo.

Gush ali ndi mnzake amene tonse timamudziwa ngakhale sitinawaganizirepo pamodzi. Ndi giza, uja wotenthetsa madzi osamba amene eni nyumba za lendi ku Kalongwezi ndi ku Moth amakwezera mtengo, ngakhale malaiti akapita amangokhala cokongoletsa cipupa. Dzina lake linacokera ku Iceland, kumene kuli kasupe wotentha wochedwa Geysir amene amaponya madzi m'mwamba, ndipo m'cinenero ca kumeneko geysa ndi kucita comwe Azungu a ku England amati gush. Mu 1868, munthu wina wa ku London dzina lake Benjamin Waddy Maughan anapanga makina otenthetsa madzi ndi gasi n'kuwapatsa dzina la kasupeyo, ndipo dzinalo linayenda mpaka kufika m'mabafa a kuno. Koma Geysir weniweniyo saponya madzi nthawi zonse. Amatha kukhala cete zaka, ndipo alendo odzajambula amathamangira kwa mnzake wapafupi, Strokkur, amene amaponya pakapita mphindi zowerengeka n'kuyambanso kudikira. Yerekezani ndi kasupe wotentha wa ku Chinyunyu ku Rufunsa, amene timadutsa pa Great East Road popita ku Lusaka. Sauluka m'mwamba, alibe cionetsero, koma usana ndi usiku madzi amatuluka. Amenewo ndiwo madzi otumphuka.

Kwa obowola pansi mauwa anachuka cifukwa ca mafuta. Pa 10 January 1901, ku Spindletop pafupi ndi mzinda wa Beaumont ku Texas, citsime ca mafuta cinaphulika n'kuponya mafuta mamita oposa 30 m'mwamba kwa masiku 9 asanakwanitse kucitseka, migolo pafupifupi 100,000 tsiku lililonse. Citsime cotere amacicha gusher, ndipo cithunzi cake cinakhala cizindikiro ca kulemera mwadzidzidzi. Kumeneko mphamvu inali kucokera pansi, kwa gasi wopanikizika m'miyala. Zitsime za madzi zotuluka zokha zilikonso, amati artesian potengera dera la Artois ku France, koma zimafuna nthaka ya mtundu wake, yokhala ndi madzi opanikizika pakati pa miyala yosalowa madzi. Pansi pa Chipata ndi Kasenengwa kwambiri pali mwala wolimba, uja tiuona poyera pa mapiri monga Kanjala. Madzi amabisala m'dothi la mwala wofumbwa pamwamba pake ndi m'ming'alu. Ukapeza mng'alu wabwino wapeza madzi. Mnzako wa puloti yoyandikana atha kubowola mamita 80 n'kutulutsa fumbi lokhalokha.

Nanga madzi a m'vidiyo amaulutsidwa ndi ciani? Ndi mphepo. Pa cigalimoto cija, kapena pa cinzake cimene cimaima pambali, pali kompresa yaikulu imene imakankha mpweya kulowa m'mapaipi acitsulo mpaka pansi. Mpweyawo umayendetsa nyundo imene imaswa mwala, kenaka umabwerera m'mwamba utanyamula zonse zimene wapeza m'dzenjemo. Coyamba limatuluka fumbi louma limene limayeretsa anthu nsidze. Kenaka fumbi lonyowa, kenaka phala lamatope, ndipo nyundo ikadutsa mng'alu wa madzi, mpweya umawasakaniza n'kuwaponya kunja. Madzi ocepa akasakanizika ndi mphepo yambiri amaoneka ngati mtsinje. Ndipo pali cina cimene aliyense woima pafupi angaone. Akamaonjezera paipi ina, kompresa amaipumitsa. M'mphindi zimenezo madzi amasonkhana pang'onopang'ono m'dzenje. Akaiyatsanso, onse amene asonkhana amatuluka kamodzi, phwaa, kupitirira mtengo wa mango. Pamenepo ndi pamene mafoni amatuluka m'matumba. Mukadikira mphindi zisanu mudzaona kuti atsika, ndipo otsalawo ndiwo ali pafupi ndi coonadi.

Sindikunena kuti obowola onse ndi akuba, iai. Ambiri amagwira nchito yolemetsa pa dzuwa la October ndipo amasiya madzi enieni m'midzi imene inali kumwera pamodzi ndi ng'ombe. Ngakhale woona mtima amajambula pa nthawi imene madzi akwera, cifukwa vidiyo ya cigubu cikudzaza pang'onopang'ono palibe angaionere. Malonda ndi malonda. Koma wogula ayenera kudziwa kuti vidiyo ndi cikwangwani cabe.

Nkhaniyi yakula cifukwa tauni ikusefukira. Chipata anakhala mzinda mu 2017, ndipo mu 2018 Kasenengwa ndi Chipangali anapatulidwa kukhala maboma paokha. Kucokera pamenepo aphunzitsi, anamwino, amalonda a ku Down Shops ndi opuma nchito akhala akugula malo kunja kwa tauni, kumene mtengo ukali wofikirika. Madzi a m'mapompi a m'tauni, amene Eastern Water and Sanitation Company imatenga ku madamu a Lutembwe, ali ndi malire a kumene mapaipi afika. Kupitirira pamenepo aliyense amadziyang'anira yekha. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February caka cimeneco kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaumitsa zitsime zokumba ndi manja zimene anthu anali kudalira, ndipo amene anali kuzengereza anayamba kufunafuna nambala za obowola.

Azakhali anga ena, mphunzitsi wopuma nchito, anamanga nyumba m'boma la Kasenengwa ndipo anaitana kampani ina imene sindiichula. Pangano linali la pakamwa ndi la pa WhatsApp: theka la ndalama poyamba, theka lina madzi akaoneka. Anabowola mu April, mvula itangotha kumene, nthaka ikali yokhuta. Pa tsiku laciwiri madzi anauluka, amai a m'mudzi anaimba nthungululu, ana anathamangira kukanyowa. Wamkulu wa anyamata aja anabwera akupukuta nkhope nati, "Amai, mwaona mweka, ni gushing iyi. Apa mungatsegule na garden." Azakhali anatumiza ndalama zotsala pa foni pomwepo, cigalimoto cinanyamuka dzuwa lisanalowe. Anagula pampu ya sola, thanki ya malita 5,000 ndi citsulo coikapo thankiyo, anabzala repu ndi tomato. Pofika October pampu inali kukoka mphindi 20 n'kuyamba kukoka mphepo, ndipo pafunika kudikira maola kuti madzi abwerere. Ataimba foni anayankhidwa mwaulemu ndithu: "Amai, pangano inali yakuti manzi yaoneke. Simunayaone?" Anawaona. Vidiyo ikali mu foni yao.

Citsimeco si couma. Cimapatsa madzi akumwa, ophikira ndi ocapira, ndipo pa mjigo wopopa ndi manja cikanakhala cabwino. Cimene cinatayika ndi ndalama za pampu yaikulu, thanki ndi dimba, zonse zogulidwa pokhulupirira mau amodzi. Pamene ndinawafunsa ngati anapatsidwa pepala lililonse, anati, "Mwana wanga, pepala la ciani pamene madzi ndinawaona na maso yanga?"

Pepalalo lilipo, ndipo lamulo limalifuna. Bungwe la WARMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la kasamalidwe ka madzi la 2011, linayamba mu 2018 kuyang'anira madzi a pansi pa nthaka. Malamulo a caka cimeneco amati kampani yobowola iyenera kukhala ndi laisensi, borehole iyenera kulembetsedwa, ndipo wobowola akatsiriza ayenera kulemba lipoti la nchito yake. Anthu ambiri anangomva za K250 yolembetsera n'kukwiya kuti boma layamba kugulitsa madzi a Mulungu. Za lipoti sanazimve. Koma m'lipotimo ndi mmene mumalembedwa kuya kwa citsime, pamene madzi anapezeka, mapaipi amene aikidwa kuchinga dothi kuti lisagumukire mkati, ndi kuculuka kwa madzi m'malita pa sekondi. Mulibe malo olembapo gushing. Malamulo omwewo amafunanso kuti borehole italikirane ndi cimbudzi mamita 30, cinthu cobvuta pa mapuloti ang'onoang'ono amene akudulidwa masiku ano, koma amene akumbukira kolera imene inacedwetsa kutsegula masukulu kuciyambi kwa 2024 sangaitenge mopepuka. Madzi oyera ngati thovu sakuuzani zimene zili m'kati mwake. Zimenezo zimaoneka ku labu.

Kumidzi nkhaniyi ndi ya ndalama za tonse. Kuyambira 2022, pamene CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, maborehole akhala pamwamba pa zimene anthu amapempha m'misonkhano ya m'mawadi. Tsiku lobowola mudzi wonse umasonkhana, a nduna alipo, a komiti ya madzi alipo, ndipo madzi akauluka palibe amene angafune kukhala woononga cisangalalo pofunsa mafunso. Kufunsa pa gulu kumaoneka ngati kusayamika. Koma a komitiwo ndiwo adzayankha kwa azimai mu November mjigo ukayamba kulira wopanda kanthu, ndipo ndiwo adzayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama zokonzera. Pa maganizo anga, mlembi wa komiti amene wapempha lipoti ndi kulisunga m'pulasitiki wagwira nchito yoposa onse olankhula pa mwambo wopereka mjigo.

Pa mwambo womwewo mudzakumana ndi tanthauzo laciwiri la gush, limene anyamata a pa Facebook sanalifikebe. Azungu amagwiritsa nchito mauwa ponenanso za munthu. Akati uje anacita gush, ndiye kuti mau oyamikira anali kukhuthuka m'kamwa mwake mopitirira muyeso, mpaka omvera kuyamba kukaikira ngati akucokera mumtima. Si ciyamikiro. Nyuzipepala ikalemba kuti munacita gush pamaso pa mlendo wolemekezeka, musaidule kukaipacika m'nyumba, akusekani. Kwathu tingati kutamanda mosyasyalika, kapena kuthira shuga wambiri m'tiyi wa mlendo. Ndakhala pa miyambo yotere yokwanira kuti ndinene kuti pa tsikulo pamakhala gush ziwiri, ya makina ndi ya pa maikolofoni, ndipo zonse zimaleka magalimoto akanyamuka.

Kuli malo amodzi kumene mauwa akamveka palibe kuseka: ku cipatala. Namwino akamva kuti magazi akucita gush kwa mai amene wangobereka kumene, kapena kwa munthu wovulala pa ngozi ya njinga yamoto, amasiya zonse. Apa kusiyana kwa mau kuli ndi phindu. Mukaimba foni kapena mukafika pa kliniki, kunena kuti "akutuluka magazi" sikufanana ndi kunena kuti "magazi akukhuthuka, nsalu zanyowa ziwiri". Waciwiriyo wapereka muyeso, ndipo womvera adziwa cocita.

Muyeso wa borehole nawo si wa akatswiri okha. Kuyesa kwenikweni kumacitika makina obowola atazimitsidwa. Amatsitsa pampu m'citsime, amaiyendetsa maola angapo osaima, akuyeza mmene madzi akutsikira m'kati, kenaka amaizimitsa n'kuyeza nthawi imene madziwo atenga kuti abwerere pamene anali. Makampani ambiri amalipiritsa padera pa nchito imeneyi, n'cifukwa cake anthu amaidumpha, koma mtengo wake sufika pa mtengo wa pampu yopsa cifukwa cokoka mphepo. Musanagwirizane, funsani ngati ili m'pangano. Funsaninso amene adzalipira dzenje likakhala louma, cifukwa apa ndi pamene abale ambiri adanirana ndi obowola, ndipo zonse zilembedwe pa pepala. Ndalama yomaliza ituluke lipoti litafika m'manja, osati madzi atafika pa mtengo wa mango. Ngati mungathe kusankha nthawi, bowolani m'cilimwe, September kapena October, pamene madzi a pansi atsika. Citsime cimene capereka madzi mwezi umenewo mungacikhulupirire kuposa ca mu April.

Masamu ake ndi a Giredi 7. Tengani cigubu ca malita 20, comwe cija ca mafuta ophikira, muike pa paipi pamene pampu ikuyenda. Cikadzaza m'masekondi 20, ndiye lita imodzi pa sekondi, malita 3,600 pa ola: madzi a nyumba, dimba ndi anansi. Cikatenga masekondi 40, ndi theka la lita pa sekondi, ndipo thanki ya malita 5,000 idzadzaza m'maola osakwana atatu, ngati citsime cingapirire kukokedwa nthawi yonseyo. Cikatenga masekondi 80, ndi kota ya lita, madzi okwanira mjigo wa manja kapena kapampu kakang'ono, koma za dimba lalikulu muiwale. Musayese kamodzi. Yesani pampu itangoyamba, muyesenso patapita ola, muyesenso patapita maola anai, ndipo manambala onse atatu muwalembe. Wochi yowerengera masekondi ili mu foni yomweyo imene mumajambulira vidiyo.